Mbande za Mawanga

"Ine matenda a mpunga ndimawaona asanatuluke m'nthaka," anatero Che Bwanausi pakhonde, mokweza kuti odutsa m'njira nawo apindule. "Maso awa anaphunzira ku Cuamba, a Efraimu. Seminariyo yeniyeni ya zaulimi, yodya ndi mafoloko."

Mkazi wawo Mastura anali kuseri akutumbula milamba. Anamva zonse. Maso omwewo ndi amene dzinja lapita anathira adubu, ndiye kuti feteleza, pa tsinde la udzu mpaka udzuwo unachita maluwa. Koma mkazi wa perezidenti wa asosiyasawu ya alimi a mpunga sakumbukira zinthu mokweza.

A Efraimu, mnansi wawo, anali akumvetserabe pamene Zakiya analowa pabwalo, matope mpaka m'mawondo, mbande zili m'manja. Anali mkazi wa malemu Umaru, mng'ono wa Che Bwanausi.

"Alamu, ndamva kuti mawa mutuma anthu akazule nazale yanga."

"Moni kaye, mayi a Adamu. Kwanu ku Nayuchi moni anatha?"

"Moni ndikupatsani mbande zanga zikagona m'munda. Zalakwa chiyani?"

Che Bwanausi anatenga mbande imodzi ndi zala ziwiri, ngati khoswe wakufa, naionetsa kwa a Efraimu. Masamba ake anali ndi timadontho tofiirira, tambirimbiri.

"Mukuona? Matenda awa. Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola. Ine ndili ndi dambo lonse pamutu, sindingaphetse mpunga wa anthu chifukwa cha chibale."

"Si matenda. Mbewu iyi ndinachoka nayo kwa mayi anga, timaitcha kankhanga. Imabadwa ndi mawanga ake. Mng'ono wanu waidya zaka zonsezi, simunanene kanthu. Inunso pa sadaka yake munadya mbale ziwiri."

"Nthawi imeneyo ndinali ndisanapite ku Cuamba."

"Nanga mukazula, ndiwoka chiyani? Madzi afika kale. Ndinachedwa kufesa chifukwa ndinali m'nyumba pa eda, ndikulira m'bale wanu. Kufesanso tsopano n'kutaya mbewu."

"Zimenezo ndi za malamulo," anatero Che Bwanausi, akuyang'ana kudenga.

Lamulolo aliyense ankalidziwa. Munda wa m'dambo ukapanda kuwokedwa dzinja limodzi, umabwerera ku asosiyasawu, ndipo asosiyasawu imaupereka kwa wachibale amene ali ndi mphamvu zolima. Wachibale wa Umaru amene anali ndi mphamvu anali mmodzi yekha, ndipo anali atakhala pakhonde pomwepo.

"Fisi akafuna kudya mwana wake amati akununkha mbuzi," anatero Zakiya. "Nenani poyera kuti mukufuna munda. Ana a Umaru adya chiyani?"

"Ana ndi athu, tiwalera. Inu ndinu wamng'ono, mutha kukwera sitima pa Entre Lagos, kwanu mukapezako banja lina."

"Ndinabwera kuno pa ukwati, osati pa ganyu. Sindikwera sitima."

Mastura anatulukira kuseri, mpeni uli m'manja. "Bambo a Hamida, bwanji osayamba mwaitana a tekinika a zaulimi a ku Insaca adzaone?"

"Tekinika adzaona chiyani chimene ine sindinaone? Iwe za milamba zatha?"

Zinali zisanathe. Mastura anabwerera kuseri, ndipo mlamba wotsatirawo unatumbulidwa mwamphamvu kuposa mmene unafunikira.

M'mawa mwake Che Bwanausi anatsogolera a Efraimu ndi Jabiri kudambo. Awiriwa anali a komiti, ndipo anabwera akukoka miyendo. Zakiya anaima pamgula, manja kumbuyo.

Perezidenti anati ayambe yekha kuti apereke chitsanzo. Anatenga khasu nakhapa mbali imodzi ya nazale, kudula mbande pakati, kuzipondereza m'matope. Anagwira ntchito imeneyi ndi mtima wonse mpaka msana unawakumbutsa kuti ku Insaca kuli msonkhano.

"Zotsalazi muzule zonse, mutaye," anatero, nakwera njinga.

A Efraimu ndi Jabiri anawerama. Tsono munthu amene wazula mbande chiyambire ubwana wake ali ndi kazulidwe kamodzi kokha. Amagwira pansi pa tsinde, amakoka chammbali kuti mizu isaduke, amatsukuluza matope m'madzi, akadzaza dzanja amamanga kamtolo ndi mlaza. Mitu yawo inkadziwa kuti atumidwa kudzawononga, koma manja sanauzidwe. Ankacheza za mtengo wa matemba, za njanji, za mwana wa Jabiri amene akufuna njinga yamoto, uku timitolo tikuchuluka. Potaya, anataya mmene amatayira masiku onse: anaimika timitolo m'ngalande, mizu m'madzi, pamthunzi wa bango.

Atamaliza a Efraimu anawongola msana, nayang'ana ntchito yawo. Anayang'ananso kachiwiri.

"Jabiri, kodi tachita chiyani apa?"

"Tazula, tataya."

"Eya. Ndi zimene anatituma."

Zakiya anatsika pamgula. "A Efraimu, mbande zotayidwa m'ngalande mwini wake ndani?"

A Efraimu anakanda m'mutu. "Chiyambire makolo, zotayidwa n'za wotola."

"Ndatola," anatero Zakiya, nanyamula timitolo tiwiri.

Anayamba kuwoka dzuwa lomwelo, yekha, chingwe atachimanga pa zikhomo ziwiri. Kuwoka wekha n'kowawa: umabzala mzere, umatuluka, umasuntha chikhomo cha uku, umazungulira, umasuntha cha uko. Dzuwa litapendeka anamva munthu akulowa m'madzi kumbuyo kwake. Anali Mastura, chitenje chake cha kapulana atachikwinyira m'chiuno.

"Akulu, akakuonani amuna anu?"

"Amuna anga amaona za pansi pa nthaka. Za pamtunda siziwavuta. Gwira chingwe uko."

Anawoka mpaka mbande zinatha. Zinakwana ndime ziwiri. Ndime yachitatu, imene ikanadzadzidwa ndi mbande zokhapidwa zija, inatsala madzi okhaokha, achule akusambiramo.

Nkhani inafika kunyumba Mastura asanafike.

"Wandichititsa manyazi pamaso pa komiti!" anakalipa Che Bwanausi. "Mkazi wa perezidenti kukawoka matenda!"

"Ndawoka mpunga wa ana a m'bale wanu. Chaona mnzako chapita, bambo a Hamida. Mawa mukagona inu, Jabiri adzabwera ndi khasu pa nazale yanga, adzati ikununkha mbuzi."

"Ine sindikufa."

"Umaru nayenso ankatero."

Che Bwanausi ananena kuti aitanitsa tekinika, osati chifukwa mkazi wanena, koma kuti boma lidzasindikize zimene iwo aona kale. Ndime yosawokedwayo, anatero, ndi umboni woti mayiyo munda wamukulira.

Tekinika sanabwere msanga. Mvula inadula msewu wa ku Insaca, shapa, timinibasi tonyamula anthu, zinkathera panjira. Masiku amenewo Che Bwanausi anawagwiritsa ntchito pokongoletsa munda wawo, umene unali kutsidya lina la dambo, m'mbali mwa njira. Mbewu inali yogula, ya m'thumba losindikiza. Anathira feteleza wa ureya, ataona kuti wabiriwira anathiranso, kuti tekinika akadzafika adzaone kusiyana kwa munda wa munthu wophunzira ndi munda wa mawanga. Mpunga unakula wakuda bii, masamba ofewa ngati a mpiru. Odutsa ankaima. Che Bwanausi ankapezeka pafupi nthawi zonse kuti afotokoze.

Wa Zakiya unali waufupi, wa madontho, wosasangalatsa maso. Koma unagwira, nuyamba kuphukira ana.

Kenaka kunabwera masiku a nkhungu. Dzuwa silinkatuluka, mame ankakhala pamasamba mpaka masana, kamvula kosatha kakuwaza. M'mawa wina Che Bwanausi anapeza masamba a mpunga wawo ali ndi zilonda zooneka ngati diso, pakati potuwa, m'mbali mofiira. Sabata isanathe zilonda zinalumikizana, munda unayamba kuoneka ngati wawauka ndi moto. Chiwawu chinalumphira kwa Jabiri, n'kupitirira kwa ena a mbali imeneyo.

"Ndinanena!" anatero Che Bwanausi pa msikiti atatha mapemphero a Lachisanu. M'mawu mwawo munali chisoni, koma munalinso kukoma kwa munthu amene ulosi wake wakwanira. "Ndinati tizule, anthu anandiona ngati wankhanza. Onani tsopano. Matenda a ku Nayuchi atidya tonse."

Munthu amene mpunga wake ukufa safuna maphunziro, amafuna wolakwa. Loweruka m'mawa anthu anatsikira kudambo ndi zikwakwa. Jabiri, amene anamanga timitolo tija ndi manja ake, ndiye anali patsogolo.

Anapeza Zakiya ataima pakati pa munda wake, madzi m'miyendo, mwana wamng'ono kumsana.

"Tulukani, mayi a Adamu," anatero Jabiri. "Sitikufuna kukupwetekani."

"Mukafuna kutchetcha, yambirani pano pamene ndaima."

"Mpunga wanga wapsa chifukwa cha inu!"

"Wanu wapsa, wanga uli moyo. Ndiye wodwala ndi uti? A Jabiri, munda wanu uli kutsidya. A Efraimu ndi awa, tagawana mgula umodzi, masamba athu amakhudzana mphepo ikawomba. Afunseni ngati wawo wapsa."

Anthu anatembenukira kwa a Efraimu. Iwo anayang'ana zala za kumapazi.

"Kunena zoona, wanga uli ndi zilonda apo ndi apo. Koma kupsa ayi."

"Ndi ufiti umenewo!" anafuula wina kumbuyo. "Matenda amawatuma kutali, kwawo amawalambalala!"

"Dzana anali matenda, lero ndi ufiti," anatero Zakiya. "Mawa mudzati ndine ng'ona. Ine pano sindichoka. Umaru anakumba ngalande iyi ndi inu nomwe, mapewa ake anasupuka. Mukufuna ana ake akapemphe mpunga kwa yani?"

Jabiri anali ataika phazi limodzi m'madzi pamene kunamveka njinga yamoto ikulira movutika m'matope. Anali Dona Luisa, tekinika wa zaulimi wa ku Insaca, mayi wamfupi wovala majombo aakulu. Kumbuyo kwake kunatsika Mastura. Anali atalawira m'bandakucha wapansi mpaka pamene msewu unadukira, kukamudikira ndi kumulondolera njira ya kumtunda.

Che Bwanausi anathamangira kutsogolo. "Mwafika bwino, Dona Luisa. Ine monga perezidenti ndafufuza kale, chatsala n'chakuti inu mutsimikize. Gwero la matenda ndi ili."

"Tione," anatero Dona Luisa.

Analowa m'munda wa Zakiya, nathothola tsamba, naliyang'ana ndi kagalasi. Anathothola lina. Anatuma Jabiri kuti akatenge masamba a kutsidya, ndipo Jabiri anapita chikwakwa chili m'khwapa. Atabwera, Dona Luisa anaika masamba awiriwo pachikhatho nauza anthu kuti asendere.

"Ili la kutsidya, onani chilonda chake. Chili ngati diso, pakati pali tuwii. Kutuwako ndi nkhungu yamoyo, ndiyo imauluka ndi mphepo kukagwera mpunga wina. Ichi ndicho chiwawu. Tsono ili la mayiwa, madontho ake ndi ouma, opanda kutuwa kuja, mulibe kanthu kamoyo. Palibe chimene chingauluke apa."

"Nanga mawangawo abwera ndi chiyani?" anafunsa a Efraimu.

"Mpunga wokha. Mukamaopa moto wolusa mumatani kumunda?"

"Timatentheratu m'mphepete, kuti moto ukafika upeze popsa kale."

"Mpunga uliwonse umachita zomwezo. Chiwawu chikalowa pa tsamba, mpunga umapha kachigawo kakeko msanga kuti matenda asowe chakudya. Ukachedwa, wapsa. Tsono pamapezeka mpunga wina wobadwa ndi mantha. Umayamba kudzitentha timadontho mdani asanabwere, ndipo thupi lonse limakhala lili tcheru. Chiwawu chikafika chimapeza zitseko zotseka. Khalidwe limeneli limayenda m'mbewu, kuchoka kwa make kupita kwa mwana, ngati mpata wa mano. Silipatsirana."

"Ndiye tonse tibzale umenewu?" anafunsa Jabiri, mawu atatsika.

"Musathamange. Kukhala tcheru kumadya mphamvu. Mpunga wotere kawirikawiri subereka kwambiri, chaka chabwino wanu udzauposa."

"N'zoona," anatero Zakiya. "Sudzaza nkhokwe. Koma sunatigonetsepo ndi njala."

"Ndipo si wa mawanga uliwonse umene umalimba chonchi," anapitiriza Dona Luisa. "Ndikufuna nditengeko masamba ndi mbewu pang'ono ikacha, akaiyeze ku Lichinga. Ngati mwini wake alola. Mwini munda ndani?"

Funsolo linagwa pansi, palibe analitola. Achule okha ndiwo ankayankha m'ndime yopanda kanthu ija.

Che Bwanausi anakonza kukhosi. "Nkhani ya umwini ili m'manja mwa komiti. Koma funso langa ndi ili, Dona Luisa, mwaukatswiri. Ngati matenda sanachoke muno, achoka kuti?"

"Ali mumphepo chaka chilichonse, amadikira nkhungu. Amayambira pamene mpunga uli wofewa. Munda uja wa m'mbali mwa njira, wakuda uja, mwini wake anathira ureya wochuluka bwanji? Mpunga wakhuta chotero chiwawu chimaukonda ngati ntchentche pa uchi. Ndi wa yani?"

Panalibe amene anatchula dzina. Anthu anangotembenuka, onse mbali imodzi, mwaulemu ndithu.

"Chikomekome cha mkuyu," anatero mayi wina chapansipansi, osamaliza.

Dona Luisa anawauza zoti achite kutsidya: asathirenso adubu, asalole minda iume, minda imene yangoyamba kudwala itha kuchira dzuwa likabwerera. Za munda wa perezidenti anangopukusa mutu. Kenaka analoza ndime ya madzi okhaokha.

"Apa bwanji simunawoke, mayi?"

"Mbande zake zinakhapidwa ndi khasu."

"Ndani anakhapa?"

"Funsani komiti."

A Efraimu anavula chipewa. Anali munthu wosakonda milandu, koma anali atatopa ndi kuyang'ana zala za kumapazi.

"Anthuni, tisazungulire. Tonse tikudziwa mwambo wa dambo lino. Ng'ombe yako ikadya mbande za mnzako, umakamuwokera ndime imeneyo ndi manja ako. Apa sinadye ng'ombe. Ine ndinalipo, ndi Jabiri analipo."

"Ndinalipo," anavomera Jabiri, akubisa chikwakwa kumbuyo.

"Nthawi yowoka yatha," anatero Che Bwanausi msangamsanga. "Mbande kulibe dambo lonse. Ndikanakonda, koma sayansi ikukana."

"Sikukana," anatero Dona Luisa. "Mpunga wa mayiwa waphukira ana ambiri. Mutha kugawa mapando, kuchotsa ana awiri pa phando lililonse n'kuwawoka apo. Ucha mochedwerapo pang'ono, koma ucha."

"Ndituma anyamata mawa."

"Anyamata sanakhape," anatero Zakiya. Sanakweze mawu. "Alamu, sindikufuna mbuzi, sindikufuna kupepesa kwa pakamwa. Dzanja limene linagwira khasu ndilo liwoke, lero, anthu ali pompano. Ndipo a tekinika anafunsa funso, silinayankhidwe."

Che Bwanausi anayang'ana kwa mkazi wawo, kufuna thandizo. Mastura anawathandiza: anatambasula manja kuti alandire nsapato ndi foni.

Anavula. Anapinda buluku mosamala, nalowa m'madzi ngati munthu wolowa m'chipatala. Matope anawalandira mpaka m'mawondo.

"Munda ndi wa mayi a Adamu ndi ana awo," anatero, akuyang'ana achule.

"Khutu langa ili linafa ndili ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi," anatero a Efraimu. "Mwati wa yani?"

"Wa Zakiya! Ndi ana a Umaru! Chaka chino ndi zaka zonse!"

"Tamva," anayankha anthu, ndipo Dona Luisa anati nayenso wamva, akanena ku Insaca.

Zakiya anapereka mwana kwa Mastura, nayamba kugawa mapando. Amayi awiri anaika zikwakwa pamgula nalowa kumuthandiza, kenaka Jabiri. Koma kuwoka anasiyira mwini ngongole. Ankawaponyera ana a mpunga patsogolo, iwo n'kumawerama, kubaya, kubwerera m'mbuyo. Pa mzere wachitatu anayamba kufotokoza kuti ku Cuamba anaphunzira kawokedwe kena kofulumira, koma mpweya unawathera chiganizo chisanathe. Palibe amene anachoka. Ena anatuma ana kukatenga chinangwa chootcha.

Dzuwa likupendeka ndime inadzaza. Che Bwanausi anatuluka chokwawa, nakhala pamgula, osafotokoza kanthu.

A Efraimu anayendera ntchitoyo ndi maso. Mizere inali yokhotakhota ngati njira ya nkhono, pena mothinana, pena motalikana.

"Mayi a Adamu, izi ndi zamanyazi. Mawa tibwere ndi chingwe tiwongole."

"Ayi, isiyeni choncho," anatero Zakiya, akutsuka manja m'ngalande. "Aliyense wodutsa pano mpaka tidzakolole azifunsa kuti anawoka chonchi ndani. Ndipo muzimuuza kuti ndani, ndiponso kuti ankawokera yani."